Kodi njinga yakale ya Humber ndiisinthe foloko ndi matayala kuti izindiyendera bwino popita kuntchito?

Mphunzitsi wa ku Area 25

Akuluakulu nonse, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino njinga zakapalasa, makamaka zakale zija za matayala akuluakulu ndi mabuleki a tizitsulo. Ndili ndi njinga ya Humber imene malume anga anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo popeza mtengo wa minibasi ukungokwerakwera, ndi imene ndimapitira kuntchito masiku ano. Ndimanyamuka ku Area 25, kulowa mumsewu wa M1 pa Kanengo, n'kutsika nawo kulowera cha ku Area 18, ndipo pa kaliyala pamakhala chikwama cha makope a ana, nthawi zina ndi kathumba ka ufa pobwerera.

Chimene chandichititsa kufunsa ndi ichi. Mphwanga anagula njinga ya mpikisano pa kaunjika, ya matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi, ndipo nditaipalasa ndinaona kuti njinga ziwirizi zimamvera mosiyana kwambiri. Yakeyo imanyamuka msanga ukangoponda, koma ukagwedeza dzanja pang'ono yakhota kale, ndipo dzenje lililonse umalimva m'mikono ndi m'mapewa. Yangayi imachedwa kunyamuka, pokhota imafuna malo aakulu, pachitunda imandilemera, koma ikangoyamba kuyenda imagwira njira yokha ngakhale pamsewu wokumbikakumbika. Anthu amati kusiyanaku n'kwa kulemera kokha, koma nditaziimika pamodzi ndinaona kuti ngakhale mapaipi a felemu anaima mosiyana. A yanga anagonera kumbuyo, foloko yake inapindikira kutsogolo kwambiri, ndipo matayala ake ndi otalikirana.

Mnyamata wina wokonza njinga kwathu kuno wandiuza kuti ndichotse foloko yakaleyi, andiikire ya masipuling'i yochokera ku mountain bike pamodzi ndi matayala a mainchi 26, akuti njingayo ipepuka ndipo mabampu sindidzawamvanso. Ndisanavomere ndikufuna kumvetsa. Kodi kapendekeke ka mapaipi amenewa kali ndi ntchito yanji pa kayendedwe ka njinga? Nanga ndi nzeru kusintha foloko ndi matayala, kapena pali zina zimene ndingasinthe kuti chitunda chisamandivute koma felemu ikhalebe mmene inapangidwira?

Mmisiri wa njinga wa ku Mchesi

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa musanapereke njingayo, ndipo yankho langa ndi lakuti foloko imeneyo musachotse, matayala a 26 musaike. Mnyamatayo sakukunamizani dala, iye akungokamba za zipangizo zimene ali nazo pafupi. Koma felemu ya njinga imapangidwa moyezera foloko yake ndi kukula kwa matayala ake, moti ukasintha chimodzi wasokoneza zonse.

Dzina la Humber ndi la ku England, ndipo kuyambira mu 1932 njinga za dzinali zinali m'manja mwa kampani ya Raleigh ya ku Nottingham. Kapangidwe kameneka, kamene kanatengedwanso ndi Phoenix ndi Flying Pigeon za ku China komanso Hero, Avon ndi Atlas za ku India, kanakhazikika pa nthawi imene misewu yambiri ngakhale ku Ulaya komweko inali yopanda phula. Ogula ake anali apolisi, onyamula makalata, alimi ndi ogwira ntchito m'mafakitale, anthu ofuna njinga yoti iwafikitse kuntchito atavala bwino ndiponso atanyamula katundu, osati yopikisana nayo. N'chifukwa chake mpaka lero imagwirizana ndi tinjira ta ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mtandire kuposa njinga zambiri zatsopano.

Paipi yaifupi ya kutsogolo, mmene mumadutsa khosi la foloko, pa njinga ngati yanuyo imapendekeka pa madigiri a pakati pa 66 ndi 68 kuchokera pansi, pamene pa njinga ya mpikisano imakhala pa madigiri 73 kapena 74, ndiye kuti yatsala pang'ono kuima chilili. Foloko ikagona chonchi, tayala likagunda mwala mphamvu yake imabwera mopingasa miyendo ya folokoyo, ndipo miyendoyo pokhala yaitali ndi yopindika kumapeto imagonja pang'ono n'kubwerera m'malo mwake. Ntchito imene mnyamatayo akuti igwiridwe ndi masipuling'i, foloko yanu ikuigwira kale pamodzi ndi mpweya wa m'tayala lalikululo. Mafoloko a masipuling'i a pa kaunjika amene amafika m'manja mwathu ambiri amakhala atagwira dzimbiri m'kati kapena akugwedera, ndipo ndi olemera kuposa yanuyo.

Paipi imene mumalowa chishalo nayonso inagonera kumbuyo mofanana. Kusiyana kwa madigiri 6 kumaoneka kochepa, koma kwa munthu amene chishalo chake chili masentimita 70 kuchokera pa ekiselo ya mapedulo, kumabweza chishalocho kumbuyo ndi masentimita pafupifupi 7. Thupi lanu limakhala pa chishalo, msana uli chilili, manja angogwira mahandulo osasenza kulemera kwanu, ndipo maso amakhala kutsogolo kumene kukuchokera maminibasi ndi njinga zamoto. Pa njinga ya mphwanuyo thupi limagwera kutsogolo ndipo mikono imasenza gawo lalikulu la kulemera, n'chifukwa chake dzenje mumalimva m'mapewa.

Za kutalikirana kwa matayala mwaona bwino. Kuchokera pa ekiselo ya kutsogolo kufika pa ya kumbuyo, njinga zakalezi zimakwana masentimita 115 kapena kuposerapo, pamene za mpikisano zimakhala pafupi ndi masentimita 100. Kutalika kumeneku ndiko kumachititsa kuti pokhota ifune malo, komanso ndiko kumaikhazika, chifukwa wokwera amakhala pakati pa matayala, ndiye tayala limodzi likalowa m'dzenje chishalo chimatsika pang'ono chabe.

Tsono taonani zimene zingachitike mukatsata malangizo a mnyamatayo. Limu ya tayala lanu la 28 x 1½ ndi ya mamilimita 635, pamene ya mountain bike ya 26 ndi ya mamilimita 559. Ngakhale mutaika tayala lonenepa, njinga yonse itsika ndi masentimita 2 kapena 3, ndipo pedulo izigunda pansi pokhota kapena podutsa m'njira zokumbika ndi madzi a mvula. Mabuleki a tizitsulo amakokera mphira m'mwamba kuti zigwire m'kati mwa limu ya mtundu wa Westwood ngati yanuyo, ndipo pa limu yaing'onoyo sangafike n'komwe, choncho muyenera kugulanso mabuleki a waya amene felemu yanu ilibe pomangirira. Khosi la foloko yanu ndi la inchi imodzi, la matiredi, pamene mafoloko ambiri a mountain bike ndi onenepa kuposa apo. Mapeto ake mnyamatayo adzayamba kupala ndi kuwotcherera kuti zinthu zilowane, ndipo felemu imene yakhala zaka zonsezi ili bwino idzaonongekera pomwepo.

Wogwira ntchito ya zamakina ku Kanengo

Ndionjezereko pa zimene anena amisiri, chifukwa pali muyeso wina umene suoneka msanga ndi maso koma ndi umene umalamulira mmene chiwongolero chimamvekera m'manja. Aphunzitsi, imikani njinga chilili pa simenti yosalala, mutenge ndodo yowongoka, muigundike m'mbali mwa paipi ya kutsogolo motsata kupendekeka kwake mpaka nsonga yake ikhudze pansi, n'kulemba pamenepo ndi choko. Kenaka lembaninso pamene tayala lakhudza pansi, pansi penipeni pa ekiselo. Mudzaona kuti chizindikiro cha ndodo chili kutsogolo ndipo cha tayala chili kumbuyo. Mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizi m'mabuku a njinga amautcha trail. Popeza tayala limakhudza pansi kumbuyo kwa mzere umene chiwongolero chimazungulirapo, limakhala likukokedwa monga mmene ngolo imatsatira ng'ombe, ndipo likapatuka pang'ono kukokako kumalibwezera pa mzere. Apa ndi pamene pamachokera kugwira njira kumene mwanena kuja.

Mpata umenewu ukakula, njinga imakonda kuyenda molunjika ikakhala pa liwiro, koma poyenda pang'onopang'ono chiwongolero chimalemera ndipo chimafuna kugwera mbali imodzi. Ukachepa, chiwongolero chimapepuka koma sichikhazikika. Kugoneka paipi ya kutsogolo kumaukulitsa, tayala lalikulu limaukulitsanso, pamene kupindira foloko kutsogolo kumauchepetsa. Anthu ambiri amaganiza kuti foloko yopindika kwambiri ndiyo imalimbitsa chiwongolero, koma zoona zake n'zakuti opanga anaipinda chonchija kuti abweze mpata umene ukanakula mopitirira chifukwa cha paipi yogona ndi tayala lalikulu.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala achitsanzo. Tayala la 28 x 1½ lopopa bwino, kuchokera pa ekiselo kufika pansi ndi mamilimita pafupifupi 355. Likakhala pa felemu ya madigiri 67, ndi foloko yopititsa ekiselo kutsogolo ndi mamilimita 75, mpata uja umakhala pafupifupi mamilimita 70. Njinga ya mpikisano ya madigiri 73, ya tayala la mamilimita 335 ndi foloko ya mamilimita 45, imakhala ndi mpata wa mamilimita pafupifupi 55. Mukuona kuti ngakhale njinga ziwirizi zimaoneka zosiyana kwambiri, opanga ake onse anasunga mpatawu m'malire oyandikana. Tsono mafoloko ambiri a masipuling'i amapititsa ekiselo kutsogolo ndi mamilimita 40 okha kapena chapomwepo, chifukwa anapangidwira mafelemu oima kuposa anuwo. Mukaika yotere pa felemu ya madigiri 67 ndi tayala la 26, mpata uja ufika pafupi ndi mamilimita 100. Onjezaninso kuti masentimita 2 aliwonse amene kutsogolo kwa njinga kwakwera kapena kutsika amasintha kapendekeke ka felemu yonse ndi digiri imodzi, ndipo mafoloko amenewa amakhala aatali, ndiye felemu igonanso kuposa kale.

Pamsewu wopanda anthu mwina simungadandaule. Koma inu mumadutsa pa Kanengo m'mawa, pamene muyenera kuyenda pang'onopang'ono pakati pa magalimoto akuluakulu, maminibasi oima mwadzidzidzi ndi anthu oyenda pansi. Pamalo otere njinga ya mpata waukulu chonchi imafuna kugwera kumene mwapotokolera mahandulo, ndipo ngati kumbuyo kuli katundu mumachita kulimbana nayo. Chimenechi ndicho chimandidetsa nkhawa kuposa za ndalama zimene mungaononge.

Wakabaza wa ku Chinsapo

Aphunzitsi, ine njinga za mtundu umenewu ndimadyera, ndiye ndilankhula zimene ndimaona pamsewu wa Likuni. Pa nkhani ya katundu akuluakuluwa akunena zoona. Timapaipi ta kumbuyo, tochokera pa mapedulo kufika pa ekiselo ya tayala la kumbuyo, pa njinga zathuzi ndi tatitali, pafupifupi masentimita 48 kapena 50, pamene pa za mpikisano ndi pafupifupi 41. Kutalikako kumachititsa kuti munthu wokhala pa kaliyala akhale pamwamba pa ekiselo osati kumbuyo kwake, ndipo chidendene changa sichigunda mapazi ake kapena thumba lolendewera m'mbali. Anzathu ena amene anamangirira kaliyala pa mountain bike yaifupi amavutika, chifukwa katundu amakhala kumbuyo kwa tayala, kutsogolo kumapepuka, ndipo pachitunda tayala la kutsogolo limafuna kudzuka. Mukaima m'mawa pamsewu wochokera ku Mitundu n'kuyang'ana amene akubwera ndi matumba a chimanga, mbatata kapena nkhuni, mudzaona kuti pafupifupi onse ali pa felemu yakaleyi, ena ya mitanda iwiri kuti isamapotokole ikalemedwa.

Koma tisaiyamikire mopitirira, chifukwa ili ndi zovuta zake zimene zimachokera ku kapangidwe komweko. Chishalo pokhala kumbuyo ndi mahandulo pokhala pafupi ndi mawondo, n'kovuta kuimirira pa mapedulo n'kuponda ndi thupi lonse monga amachitira a mpikisano. N'chifukwa chake mumationa tikutsika n'kumakankha pachitunda chimene mnyamata wa mountain bike akukwera. Komanso munthu wokhala chilili amagwira mphepo ndi chifuwa chonse, ndipo m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, mphepo ya mwera ikamaomba mokumana nayo, umatopa ngakhale pamsewu wopanda chitunda.

Mankhwala a chitunda sali pa foloko, ali pa filiwilo. Werengani mano a giya yaikulu ya pa mapedulo ndi a filiwilo ya kumbuyo. Zambiri zimabwera ndi mano 44, 46 kapena 48 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Tayala la 28 likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.2, choncho ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, mapedulo akazungulira kamodzi njinga imayenda mamita pafupifupi 5.4, ndipo kumeneku n'kulemera kwa munthu amene akukwera kuchokera kumtsinje ali ndi katundu. Mukaika filiwilo ya mano 20 imayenda mamita 4.8, mukaika ya mano 22 imayenda mamita 4.4. Pamtsetse ndi pamalo athyathyathya muzipalasa mofulumirako kuti mupeze liwiro lomwe lija, koma pachitunda mawondo amapuma. Mufunika kuonjezera tcheni pang'ono, ndipo ntchito yonse ndi yotsika mtengo. Njinga zina zakale za ku England zinkabwera ndi habu ya Sturmey-Archer ya magiya atatu, imene giya yake yotsika imachepetsa mtunda uja ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukaipeza ili yamoyo ndi mwayi, koma zipangizo zake kuno n'zosowa.

Chimene ndikukuchenjezani kwambiri ndi mabuleki m'nyengo ya dzinja. Limu yachitsulo ikanyowa mphira sizigwira msanga, tayala limazungulira kangapo lisanayambe kumva. Mukamatsetsereka kulowera ku mtsinje wa Lingadzi mvula ikugwa, yambani kufinya pang'onopang'ono muli patali kuti madzi achoke pa limu, musadikire kuti muone galimoto itaima patsogolo panu. Limunso ikhale yowongoka ndi yozungulira bwino, chifukwa mabuleki a tizitsulo akakumana ndi limu yophwanyika penapake amagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, ndipo njinga imanjenjemera yonse.

Mayi wa ku Likuni

Abambo inu mwafotokoza bwino za madigiri ndi mano, koma palibe amene wafunsa aphunzitsiwa za msinkhu wawo, pamene njinga yosiyiridwa ndi malume inagulidwa moyezera malumewo. Njinga zimenezi zambiri zimabwera ndi felemu ya mainchi 22 kapena 24, kuyeza kuchokera pa ekiselo ya mapedulo kufika pamwamba pa paipi ya chishalo. Ya mainchi 24 yokhala ndi matayala a 28 ndi yaitali ndithu, ndipo ndimaona abambo ambiri akupendeketsa thupi uku ndi uku kuti afikire mapedulo. Imirirani mtanda uli pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Ngati mtanda ukukugundani, felemuyo ndi yaikulu kwa inu, ndipo tsiku limene mudzaime mwadzidzidzi mudzapweteka. Pa njinga zatsopano munthu amatha kusintha khosi la mahandulo kuti awayandikitse kapena kuwatalikitsa, koma pa zimenezi mahandulo, khosi lake ndi zofinyira mabuleki n'zolumikizana, choncho felemu iyenera kukukwanani kuyambira pachiyambi.

Vuto lina limene ndimaliona ndi lotsitsa chishalo kuti mapazi azifika pansi munthu ali chikhalire. Mukatero mawondo amakhala opindika nthawi zonse, chitunda chimalemera kawiri, ndipo madzulo mawondowo amawawa. Ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo ukawongoka bwino popanda kupendeketsa chiuno, chishalo chili pamalo pake, ndipo poima muzitsika pa chishalocho. Pokweza onetsetsani kuti paipi ya chishalo yatsala m'kati mwa felemu masentimita osachepera 7, kuti isang'ambe pakamwa pa felemu. Chishalonso chikhale chachikulu cha masipuling'i, chifukwa pa njinga yokhala chilili thupi lonse limatsamira pamenepo, ndipo kachishalo kopyapyala ka mpikisano sikoyenera.

Ine ndimayenda pa yopanda mtanda, imene kapendekeke kake ndi komweko koma paipi ya pamwamba inatsikira pansi. Ndimakwera ndi kutsika ndili m'chitenje popanda vuto, ndipo chotchinga cha tcheni chimateteza nsalu. Kuipa kwake n'kwakuti ikalemedwa kwambiri kumbuyo felemu imagwedera pakati, choncho thumba la makilogalamu 50 sindinyamulirapo. Kwa amayi ndi abambo aafupi amene akuwerenga, njinga za kaunjika zochokera ku Japan za matayala a 26 x 1⅜ zimakhala zotsikirapo ndipo munthu amakhalanso chilili. Mungodziwa kuti limu yake ndi ya mamilimita 590, ndiye tayala la mountain bike lolembedwa 26 silingalowepo.

Mphunzitsi wa ku Area 25

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Foloko ndi matayala ndizisiya mmene zilili, ndipo ndiyamba ndi filiwilo ya mano 20 monga anenera achimwene a ku Chinsapo. Mayi, ndayeza ndipo felemu ndi ya mainchi 22, mtanda sukundigunda, koma chishalo ndichikweza pang'ono. Amisiri, ndili ndi mafunso ena awiri. Ndikapepuza manja pa mahandulo pamsewu wosalala njinga imakokera kumanzere, kodi chimenechi n'chibadwa cha njinga zimenezi kapena pali chimene chinapindika? Chinanso, tayala lina lolembedwa 28 limene ndinapeza pa kaunjika linakana kulowa pa limu yanga ngakhale tinalimbana nalo ndi zitsulo. Kodi 28 si imodzi?

Mmisiri wa njinga wa ku Mchesi

Aphunzitsi, ndiyambe ndi tayala chifukwa n'losavuta. Matayala olembedwa 28 alipo a mitundu iwiri. Lanu ndi 28 x 1½, la limu ya mamilimita 635. Njinga zambiri za kaunjika zochokera ku Ulaya zili ndi matayala olembedwa 28 x 1.75 kapena 28 x 1⅝, amene limu yake ndi ya mamilimita 622, ndipo limenelo ndilo munapeza. Palinso la 27 x 1¼ la mamilimita 630, limene limapusitsa anthu chifukwa limatsala pang'ono kulowa. Pogula yang'anani m'mbali mwa tayala manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 40-635. Yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu, ndipo yachiwiriyo ndiyo iyenera kufanana ndi yanu.

Kukokera kumanzere si chibadwa chake. Njinga ya kapangidwe kameneka ikakhala yowongoka imayenda molunjika bwino. Kumbukirani kuti misewu yathu ya phula imatsetserekera m'mbali kuti madzi azichoka, ndipo popeza timayenda kumanzere njinga imatha kukokera komweko pang'ono, choncho yeserani kaye pabwalo lathyathyathya. Ikapitirizabe, yambani ndi zinthu zazing'ono. Onani ngati tayala la kutsogolo lili pakati penipeni pa miyendo ya foloko, poika chala mbali zonse ziwiri, chifukwa nthawi zambiri ekiselo imakhala kuti sinakhale bwino pomanga manati. Kenaka nyamulani kutsogolo kwa njinga n'kupotokola mahandulo pang'onopang'ono uku ndi uku. Akamakodwa penapake, ndiye kuti mabelingi a khosi anakumbika kapena anamangidwa mothina, ndipo zimenezi zimalepheretsa tayala kudzibwezera pa mzere monga anafotokozera bambo a ku Kanengo.

Zimenezi zikakhala bwino, yang'anani ngati njingayo inagundapo chinthu. Pititsani chala pansi pa mtanda ndi pansi pa paipi yaikulu yotsikira ku mapedulo, pafupi ndi pamene yalumikizana ndi paipi ya kutsogolo. Mukamva kachotupa kapena mukaona utoto utang'ambika mozungulira, felemu inakwinyika pamenepo. Imirirani m'mbali n'kuona ngati gawo la pamwamba la miyendo ya foloko likutsata mzere wa paipi ya kutsogolo. Likabwerera kumbuyo, folokoyo inapindika, ndipo kawirikawiri mwendo umodzi umapindika kuposa unzake, n'kumakokera njinga mbali imodzi. Za kumbuyo yezani ndi ulusi. Mangani ulusi pamene pamalowa ekiselo ya kumbuyo mbali imodzi, muuzungulitse pa paipi ya kutsogolo, n'kuubweza kukamanga mbali inayo utakungika. Mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo uyenera kufanana mbali zonse ziwiri. Ukasiyana ndi mamilimita oposa 3 kapena 4, kumbuyo kwa felemu kunapatuka.

Ubwino wa chitsulo cha njinga zimenezi n'ngwakuti kupindika kochepa timakuwongola chili chozizira, pang'onopang'ono, tikuyeza pafupipafupi, osatenthetsa. Koma ngati mwendo wa foloko unakwinyika kapena uli ndi mng'alu, musauwongole, pezani foloko ina ya tayala la 28 yopindika mofanana ndi yanuyo. Pogula mutenge yakaleyo kuti mukayerekezere kutalika kwa khosi ndi matiredi, chifukwa njinga zopangidwa ku Nottingham zili ndi matiredi 26 pa inchi imodzi pamene zina zambiri zili ndi 24, ndipo nati ya ina ikakakamizidwa pa ina imadya matirediwo. Njinga zina za Humber zili ndi foloko ya timapaipi tiwiritiwiri mwendo uliwonse. Ngati yanu ndi yotero, yesetsani kuisunga, chifukwa ina yofanana nayo simungaipeze msanga. Ndipo wina aliyense asayandikize makina owotcherera a magetsi polumikizira mapaipi. Mafelemu amenewa analumikizidwa ndi mkuwa wosungunula, mapaipi ake ndi opyapyala, ndipo moto wa magetsi umawabowola kapena kuwasiya ophweka kuthyoka. Pofunika kumata, pitani kwa wowotcherera ndi gasi amene amadziwa kugwiritsa ntchito mkuwa.

Akakukonzerani, musanalipire thirani madzi pa simenti, mudutsitsepo matayala onse awiri, kenaka mukankhe njingayo molunjika ili chilili pamalo ouma. Tayala la kumbuyo liyenera kuponda mu mzere wonyowa umene lasiya la kutsogolo. Mukaona mizere iwiri yoyenda moyandikana, ntchito sinathe, abwerezenso kuyeza ndi ulusi uja.